Ubwere Udzayatse Kandulo ya Lea

Kahawa, Nairobi
Loweruka masana

Tadala mwana wanga,

Wangotuluka kumene kupita m'tauni kukagula tikiti ya basi, ndipo ndi kuthithikana kwa magalimoto kwa masiku ano ndikudziwa kuti subwera msanga. Bambo ako ali kumsonkhano wa akulu a mpingo. Ndatsala ndekha ndi chikwama chako chili yasa pakama, ndiye ndati ndilembe, chifukwa iwe ndi ine tikakhala maso ndi maso timayamba bwino koma timathera kukangana za malaya. Kalatayi ukawerenge basi ikadutsa Nakuru, osati pasiteji pomwepo. Ndimakudziwa.

Dzulo ukupinda zovala unanena mawu amene andisowetsa mtendere. Unati, "Amayi, pa Khrisimasi mwina sindibwera. Ndingakuchititseni manyazi kutchalitchi." Unanena ukuyang'ana m'chikwama, ine n'kuyankha za masokosi ngati sindinamve. Ndinamva. Ulendo wa ku Rwanda sukundiopsa, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ifenso tinachoka ku Zomba iwe ukadali wa mamina. Ntchito yokakhala ndi amayi amasiye amene anapulumuka kuphedwa kwa anthu kuja ndi yabwino, ndipo ndikukunyadira. Chikundiopsa n'chakuti upite n'kumaganiza kuti popeza wasiya kupemphera, pakhomo pano malo ako atha.

Ndikudziwa kuti zinayamba ndi buku la a Samuel. Ndinakupatsa ndine, ndimati likukonzekeretse ntchitoyo. Walira mvula walira matope. Unaliwerenga mwakachetechete, ndipo tsiku lija bambo ako atakupempha kuti udalitse chakudya unati, "Ababa, pempherani ndinu, ine sindingathe." Komatu iwe wangowerenga buku, ine ndinasambitsa mwini wake. Lero ndikuuze za munthuyo, zimene m'bukumo mulibe.

Titafika kuno, bambo ako atayamba ntchito ku ofesi ya mpingo, ine mapepala anga a unamwino anachedwa kuvomerezedwa. Ndinapeza ganyu yosamalira bambo wina wokalamba ku Spring Valley, a Samuel amenewo. Ndinkakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kuchoka pano mpaka m'tauni, kenako ina yopita kumeneko, n'kufika thukuta lili kamukamu. Nyumba yawo inali yaing'ono pakati pa mitengo yaitali, ndipo m'kati munali zii. Anali Myuda wa ku Polandi, wamfupi, wa makutu aakulu, wopanda mkazi ngakhale mwana. Moyo wawo wonse wa ku Kenya ntchito yawo inali yokonza mawu a piyano ndi malimba, makamaka a m'matchalitchi. Ine Myuda ndinali nditangomumva paguwa, ndiye ndinkawayang'ana mobisa ngati ndiona chachilendo.

Tsiku loyamba lomwelo ndinawapinda mkono wa malaya kuti ndiwayeze kuthamanga kwa magazi. Pamkono panali timalemba tobiriwira, tofufuma ndi ukalamba. Ukudziwa mmene ndimachitira ndi odwala, ndimayamba ndi nthabwala kuti azolowere.

"Bambo, kodi kwanunso kuli asing'anga?" ndinatero. "Mphini zimenezi anakutemerani za chiyani?"

Sanamve kuti mphini n'chiyani, ndiye ndinawafotokozera, n'kuwaonetsa zanga za m'mbali mwa mutuzi.

"Anakutemerani ndani?" anafunsa.

"Azakhali anga. Mutu unkandivuta ndili mwana."

"Ankakukondani?"

"Kwambiri."

"Ndiye zanuzo n'zabwino, Sista. Zangazi ndi nambala. Anandilemba anthu amene sankafuna kuvutika ndi dzina langa."

Anatsitsa okha mkono wa malaya uja n'kundipempha tiyi. Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi, ngakhale ndinali ndisanamvetse chimene ndakhudza. Tadala, kumene ukupitako ukaona zipsera zambiri, za m'mutu, za m'khosi, za m'manja. Usathamangire kufunsa, ndipo usayese kuzipepusa ndi nthabwala ngati mayi ako. Paja amati safunsa anadya phula, koma kulinso mafunso amene amayenera kudikira mpaka mwini chipsera ayambe yekha. Yamba ndi tiyi.

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono, miyezi ndi miyezi, nthawi zambiri ndikuwameta ndevu kapena kuwawenga zikhadabo. Nthawi imeneyo n'kuti akujambula mawu awo pa kaseti, mayi wina wa kwawo n'kumakatayipa, ndipo ndi mmene bukulo linabadwira. Ine ndinkamva zisanafike papepala. Anandiuza za asilikali a Chijeremani pa nkhondo yachiwiri ija, za sitima ya ng'ombe yodzaza anthu ali chilili, za mpanda wa waya, za utsi umene unkatuluka usana ndi usiku, umene aliyense ankadziwa kuti ndi anthu. Anandiuza za Lea, mkazi wawo, amene anakwatirana naye onse ali ana, telala wokonda kuyimba uku akusoka. Ankanena zimenezi ndi mawu omwewo amene ankafunsira ngati mkaka wabwera. Ine ndinaona imfa zambiri m'chipatala, ndinasambitsa mitembo, koma ndinali ndisanaganizepo kuti anthu angakhale pansi, ovala bwino, ophunzira, n'kukonza dongosolo lothera mtundu wonse wa anzawo. Tsiku lina pobwerera ndinapitirira siteji ya Kahawa mpaka kondakitala anandigwedeza paphewa. Ndinkachita mantha, komanso ndinkadabwa kuti munthu woona zonsezo angadzuke m'mawa n'kupesa tsitsi lake.

Za Mulungu ankanena mosapita m'mbali. Ankati anamusiya kuseri kwa waya uja ndipo sanabwererenso kukamutenga. Ndinawaseka tsiku lina kuti nanga bwanji moyo wonse akhala akukonza malimba a m'tchalitchi. Anati, "Anthu aziyimba molondola, Sista, kaya alipo womvera kaya palibe." Mawu amenewo ndi amene anandituma kuchita chinthu chimene Mmalawi aliyense akanachita.

Ndinawabweretsera amayi a mpingo. Kwathu munthu akadwala timakamuzonda, ndipo sitipita chimanjamanja kapena chamseri. Lachinayi lina tinadzaza matatu, tonse mabulauzi oyera ndi mipango kumutu, titanyamula shuga, sopo ndi nthochi. Wotsogolera anali Mayi Phiri, omwewa amene amakupatsa mandasi mpaka lero. A Samuel anatilandira mwaulemu, atavala jekete. Tinayimba nyimbo ziwiri, nyumba ija n'kudzaza. Kenako Mayi Phiri anaimirira kuti alimbikitse wodwala monga timachitira.

"Bambo, tamva zimene munadutsamo," anatero. "Musataye mtima. Mulungu salakwitsa. Anakupulumutsani inuyo pakati pa anthu onse aja chifukwa anali nanu cholinga."

Tonse tinavomereza. Ndi mawu amene tawanena pamaliro ambirimbiri, ndipo palibe anatibwezerapo. A Samuel anadikira mpaka tinakhala chete.

"Mayi, zikomo chifukwa chobwera," anatero mofatsa. "Koma ngati anandisankha ine, ndiye kuti Lea anamusiya dala. Lea ndi amene ankapemphera. Ine ndinkangoganiza za buledi. Musamusenzetse Mulungu wanu mlandu umenewo."

Ndisakunamize, mwana wanga, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Mayi Phiri anakhala pansi pang'onopang'ono, mpango uli m'manja. Kenako bambo aja anakweza chala.

"Koma nyimbo yachiwiri ija iyimbeninso," anatero. "Amayi a kumanzerewo akutsika pang'ono pothera."

Tinayimbanso. Iwo anatsinzina, chala chikugunda pa mkono wa mpando, ndipo misozi inkayenda mpaka m'kolala osaipukuta. Sindinaonepo munthu akumvera nyimbo chotero. Lachinayi lotsatira Mayi Phiri anabweranso, okha, atavala zovala wamba. Anakhala pakhonde n'kumasenda nsawawa, a Samuel ali pambali pawo, osalankhulana. Anachita zimenezo mpaka mapeto.

Apa ndiye pagona langizo langa lalikulu, ndipo ndilibwereza mpaka utope nalo. Usamuyankhire Mulungu. Komanso, popeza tsopano uli mbali inayo, usamutsutse pamaso pa anthu amene akumugwirabe. Ukapeza amayi ena amene anataya ana onse koma m'mawa uliwonse ali m'tchalitchi, ndi ena amene safuna ngakhale kumva belu. Onsewo anafika kumene iwe ndi ine sitinafike. Ife kwathu timadziwa kukhuza maliro: umafika, umakhala pamphasa pafupi ndi mnzako, umangoti pepani, basi. Timangoiwala tikavala yunifolomu. Iwenso digiri yakoyo ndi yunifolomu, uziivula polowa m'nyumba za anthu. Khala pansi kaye, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za kandulo. Tsiku lina mu Disembala ndinafika m'mawa n'kupeza a Samuel akugona pampando. Pakabati panali kandulo m'kagalasi, ikuyaka dzuwa lili ngwee, magetsi alipo, katani ili pafupi. Ine ndinakulira m'nyumba ya udzu, ndinaona nkhokwe ya kwathu ikupsa chifukwa cha koloboyi. Moto wopanda woyang'anira sindiulekerera. Sindinaganize kawiri, ndinaiuzira n'kuyamba kukolopa.

Atadzuka maso awo anapita pakabati pomwepo. Sanakalipe. Anadzuka movutikira, anatenga machesi, koma ndodo zake zinkangothyoka. Kenako anandipatsa bokosilo.

"Yatsani, Sista."

Ndinayatsa. Anandiuza kuti kwawo munthu akamwalira, chaka chilichonse pa tsiku lake abale amamuyatsira kandulo, ndipo imayaka usiku wonse ndi usana wonse mpaka ithe yokha. Lea alibe manda. Tsiku limene anafa palibe akulidziwa. Iwo anangosankha tsiku limene anamuona komaliza, atavala mpango wobiriwira, akuwakodola kuti asayang'ane m'mbuyo angamenyedwe.

Pakamwa pangapa sipakhala chete, ukudziwa. Ndinati, "Koma bambo, inu mumati simukhulupirira."

"Sindikhulupirira," anatero. "Kandulo si ya Mulungu, ndi ya Lea. Iye ankakhulupirira. Ndikanafa ndine, akanandiyatsira."

Ndinaimirira pamenepo chokolopera chili m'manja, ndipo ndinagwidwa ndi mantha aja amene umamva ukalowa m'tchalitchi mulibe munthu. Zaka zoposa makumi asanu bambo ameneyu ankayatsa moto umenewo, yekhayekha, m'dziko la eni, osayembekezera mphotho kumwamba kapena pansi. Ine ndimapemphera, inde, koma ndimapemphera ndikuyembekezera. Iwo ankasunga pangano popanda chiyembekezo chilichonse. Mpaka lero sindidziwa dzina la chinthu chimenecho, ndimangodziwa kuti ndinachiona ndi maso anga ku Spring Valley, ndipo chinandiposa.

Tenga ichi, Tadala. Ukaona chinthu m'nyumba ya munthu chimene sukuchimvetsa, mbale yoikidwa pamalo opanda wokhalapo, malaya a mwana opachikidwa pamsomali, chitseko chimene sichitsekedwa, usachikonze. Ife anamwino ndi inu ophunzira tili ndi matenda amodzi, timafuna kusiya paliponse pali pooneka bwino. Manja ako azikhala pamiyendo mpaka mwini nyumba akutume.

Mwina ukuyembekezera kuti ndikuuze kuti pomaliza anatembenuka mtima. Ayi. Ndinawapempherera zaka zonse zimene ndinawasamalira. Nditawapempha kuti ndiziwapempherera pamaso pawo anati, "Pempherani, Sista, koma kukhitchini." Ndinkapempheradi kukhitchini, uku ndikuphika phala lawo. Anamwalira mmene analili, dzanja lawo lili m'dzanja langa, akufunsa ngati ndatseka zenera. Anzawo a chipembedzo chawo anawaika m'bokosi la matabwa wamba. Ife tinabwera ndi nkhata ya maluwa n'kupeza kuti kwawo amaika timiyala pamanda. Mayi Phiri anabweza nkhata ija m'galimoto, anatola mwala m'mbali mwa njira n'kukauika.

Kutatsala masabata ochepa kuti amwalire anandiitana n'kundionetsa katoni ya makandulo a m'timagalasi aja. Anati, "Ine ndikapita, palibenso padziko pano wodziwa kuti kunali Lea. Kalendala yathu ikusokonezani. Muziyatsa Loweruka lomaliza Khrisimasi isanafike, dzuwa likalowa, ndipo musaiuzire." Pamenepo anamwetulira, chifukwa nkhani ya kuuzira ija sanasiye kundiseka nayo. Ndinavomera ndisanafunse bambo ako.

Kandulo imeneyo ukuidziwa. Ndi ija imayaka pakabati ya mbale chaka chilichonse, imene uli wamng'ono unkati ndi ya Khrisimasi ndipo unkafuna kuiuzira ngati ya pakeke. Ndinkangokuuza kuti ndi ya a Samuel. Bambo ako chaka choyamba anang'ung'udza kuti mkulu wa mpingo sangasunge miyambo ya eni m'nyumba mwake. Ndinawapatsa buku lija. Sanatchulenso nkhaniyo, koma kuyambira pamenepo machesi amagula ndi iwo. Katoni ija inatha kalekale, masiku ano ndimakafuna ena m'masitolo a m'tauni.

Sindikubisira, zimandiwawa kuti sukupemphera. Ndinakubereka, ndinakunyamula pokabatizidwa, ndinakuphunzitsa kugwada. Tsiku lija patebulo ndinakuyankha mokalipa kuti wawerenga buku limodzi basi wayamba kale kuposa makolo. Anali mantha amene ankalankhula. Mafunso amene uli nawowo inenso ndili nawo, ndinawatenga ku Spring Valley komweko ndipo ndimalowa nawo m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Ine ndinasankha kufunsa nditagwada, iwe ukufunsa utaimirira. Ndipitiriza kukupempherera, ndipo umenewo ndi ufulu wanga, koma ndizichitira kukhitchini.

Chimene sindingalole n'chakuti uganize kuti ndingachite nawe manyazi. Ndinakhala zaka ndi munthu wosakhulupirira, ndipo sindinaonepo wokhulupirika ngati iyeyo. Ndikanakhala wopusa bwanji kuti ndilemekeze a Samuel n'kukana mwana wanga? Anthu a kutchalitchi adzalankhula, pakamwa pa anthu sipatsekeka, analankhulanso pamene unayamba kuvala mathalauza. Amenewo ndisiyire ine.

Zina ndi zazing'ono koma uzimve. Uzidya, ngakhale tsiku limene wamva zoopsa. Mankhwala a malungo ndaika m'thumba la m'mbali, neti ili pansi pa nsapato. Nkhani zimene ukamve usazisenze wekha, upeze mnzako wa pantchito woti uzimutulira, mutu umodzi susenza denga. Zikakulemera imba foni, ngakhale ulibe chonena, ine ndaphunzira kukhala chete ngakhale zinanditengera zaka. Anthu akakuuza mayina a abale awo amene anaphedwa, uwagwire bwino mayinawo ndi kuwatchula molondola, chifukwa mwina n'chokhacho chimene chatsala. Ndipo ndikubwerezanso: usamuyankhire Mulungu, usamutsutse pamaso pa omugwira, khala pansi kaye.

M'chikwama chako ndaikamo chitenje changa chofiira chija umachisirira, ndi buku la a Samuel, chifukwa tsopano ndi lako. Kandulo sindinaikemo, ndipo ndachita dala.

Tamvera. Kandulo ija tikaiyatsa Loweruka dzuwa litalowa, imayaka mpaka Lamulungu madzulo. Kuiuzira sindingathe, ndinalonjeza. Kuisiya yokha m'nyumba sindingathenso, ndine mwana wa m'nyumba ya udzu. Ndiye zaka zonsezi Lamulungu limenelo mmodzi wa ife amajomba kutchalitchi kuti ayang'anire moto, chaka china ine, china bambo ako. Iwe sunazindikire chifukwa unali kukwaya. Mkulu wa mpingo wathunthu amakhala pampando wa m'khitchini akuyang'ana kandulo ya Myuda amene sanamuonepo, anzake akumufunafuna kuti awerenge zolengeza.

Chaka chino tonse awiri tikufuna kupita kutchalitchi, ndipo tilibe wotsala ndi moto. Ubwere, Tadala. Udzayatse ndiwe, udzatchule dzina la Lea, m'mawa mwake ife tidzavala n'kupita, iwe udzatsala pano ukuyang'anira. Wofunsa ndidzamuuza kuti mwana wanga ali pantchito kunyumba, ndipo silidzakhala bodza. Pemphero sindidzakufunsa.

Ndamva geti likulira, uyenera kuti ndiwe. Yenda bwino, mwana wanga.

Ine mayi ako,
Nangondo